Anganga a m'munsi mwa phiri: mbiri ya ukalamba ku Mulanje

Sabata ino tiyeni ku Mulanje. Sapitwa sitikwera, ndipo ngakhale nkhani yathu ndi ya nkhalamba, pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula sitifikapo. Tikhala m'munsi, m'midzi yothinana pakati pa phiri ndi minda ya tiyi, komwe kuli anthu amene adabadwa cha m'ma 1935 ndipo mpaka lero akadapuma. Kumeneko ambiri amawatchula kuti anganga.

Zaka zawo zenizeni ambiri sazidziwa. Ukawafunsa chaka chobadwa amakuyankha ndi mbiri: pa njala ya 1949 anali atavinidwa kale, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikuyamba mu 1953 anali ndi mwana kumsana. Zaka zimene zidalembedwa pa chitupa cha unzika mu 2017 kwa ambiri a iwo n'zongoyerekeza. Koma zimene adaona sizongoyerekeza ayi, ndipo ndi zimenezo zomwe zikufotokoza chifukwa chake ambiri a iwo lero akugona okha m'nyumba.

Pa maliro, pa wailesi, ngakhale muno m'gulu, timakonda kunena kuti kale okalamba ankasamalidwa, ana a masiku ano ndiwo ataya umunthu. Ine mawu amenewa ndimawakayikira. Ana osalabadira makolo alipo ndithu, sindikukana. Koma chisamaliro cha kale chija chinali ndi mizati yoti ungaiwerenge: munda, ana aakazi okhala pafupi, ndi akamwini. Mbiri ya Mulanje kuyambira 1891 ndi mbiri ya momwe mizati imeneyi idazulidwira umodziumodzi, popanda wina wobzalapo china.

Tiyambe ndi momwe zinkakhalira. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe a ku Mulanje onse ndi a chikamwini. Mwamuna akakwatira amakamanga kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba, umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mwinimbumba akuyang'anira. Ndiye mayi akamakula ankadula munda wake kugawira ana ake aakazi, iwo n'kumanga nyumba momuzungulira. Mkamwini ankalima, kufolera denga, kuluka nkhokwe. Zidzukulu zachitsikana zinkagona kukuka kwa agogo, komwe zinkamva nthano ndi malangizo, ndipo m'mawa zisanapite kwina kulikonse zinali zitatunga madzi ndi kusonkha moto. Penshoni ya nkhalamba inali imeneyo. Iye adapereka nthaka, ndipo ankalandira manja.

Koma dziwani kuti ngakhale nthawi imeneyo dongosololi linali ndi zibowo. Mayi wosabereka, kapena wobereka amuna okhaokha amene onse adapita kuchikamwini, ankadalira chifundo cha abale. Nkhalamba yachimuna ndiye inali pamphepete kwambiri. Mkazi akamwalira, akuchikazi ankamusudzula, iye n'kunyamula mphasa ndi khasu kubwerera kwa alongo ake, kumudzi komwe mwina adachokako zaka 40 zapitazo. Ngati pa unyamata wake sankapitako kukaona mbumba, ankafika ngati mlendo wopempha malo. Izi zikuchitikabe.

Tsono kudabwera tiyi. Mu 1891, chaka chomwe Britain idalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, Henry Brown adabzala tiyi pa Lauderdale. Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, adapereka kwa azungu zikalata zaumwini wa malo zotchedwa Certificates of Claim, ndipo nthaka yabwino ya kummwera kwa phiri, komwe mvula siinama, idalowa m'manja mwa maesiteti. Poyamba ankadalira khofi. Khofi atakanika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tiyi ndiye adafalikira. Tiyi amafuna manja ambiri, ndipo manjawo adachokera kutsidya kwa Ruo ndi Muloza: Alomwe othawa msonkho, chibalo ndi chikoti cha Apwitikizi. Adabwera mabanjamabanja kwa zaka makumi angapo, mwakuti kalembera wa 1945 adapeza Alomwe oposa 370,000 mu Nyasaland. Ena mafumu adawapatsa malo. Ambiri adakhala pa malo a esiteti, ndipo mtengo wake unali thangata: kugwirira ntchito mwini malo m'malo mwa lendi, makamaka dzinja, nthawi yomwe munda wako womwe ukufuna khasu.

Za thangata mudamva kusukulu. Chimene m'kalasi sadatiuze n'chakuti lamulo lake lidalowerera mpaka kukuka. Lamulo la 1928 lokhudza anthu akuda okhala m'maesiteti, Natives on Private Estates Ordinance, lidalola mwini esiteti kuthamangitsa gawo limodzi mwa magawo 10 a anthu okhala pa malo ake pa zaka zisanu zilizonse, popanda kupereka chifukwa. Lidamulolanso kuchotsa mwana wamwamuna wa pabanjapo akakwana zaka 16, komanso kukana kuti mwamuna amene wakwatira mwana wamkazi wa pabanjapo adzamange pamalopo. Taganizani bwinobwino pamenepa. Pakati pa anthu a chikamwini, kuletsa mkamwini kumanga kwa apongozi ndiko kuuza mwana wamkazi kuti asankhe: banja kapena amayi ake. Akatsata mwamuna, makolo atsala okha. Akatsala, ndi mbeta yolima yokha. Amene adalemba lamulolo ku Zomba ankawerenga manja ogwira ntchito, ndipo nkhalamba pa esiteti inali pakamwa chabe, yodya malo osathyola tsamba. (Chaka chomwecho cha 1928, ku South Africa adakhazikitsa penshoni ya boma ya okalamba. Anthu akuda adawaiwala dala mpaka 1944, komabe onani kusiyana kwa njira zimene maiko awiriwa adatenga.)

Madandaulo a malo adakula mpaka boma lidaitana Sidney Abrahams kudzafufuza mu 1946. Mu 1953 kudabuka zipolowe zomwe zidayambira ku Thyolo n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, anthu 11 n'kuphedwa. Boma lidayamba kugula malo ena a maesiteti, ndipo thangata adathetsedwa mu 1962. Koma minda ya tiyi idatsala pomwe inali, ndipo midzi idapitiriza kuchulukana m'timipata totsala.

Anganga athu aja a 1935 ndi m'badwo umene udathyola tiyi m'zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970, dengu kumsana, mvula ili pamutu, kapitawo ali pambuyo, malipiro akutengera sikelo. Ambiri inali ntchito ya nyengo: tsamba likachuluka walembedwa, likachepa bwerera kumudzi. Lamulo lokakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2011. Munthu wobadwa 1935 anali ndi zaka 76 pamenepo. Tiyi amene adathyola adamwedwa ku London kalekale. Chimene iye adatsala nacho ndi msana.

Kwa amene akuumirirabe kuti kale kunali bwino, njala ya 1949 ili ndi yankho. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lotchedwa The Story of an African Famine, adafufuza midzi ya m'boma la Blantyre n'kupeza kuti amuna ambiri adachoka ati kukasaka chakudya, ena osabweranso, maukwati n'kupasuka, ndipo amene adazunzika koposa anali ana, nkhalamba ndi amayi osiyidwa. Anthuwo sanali oipa mtima kuposa ife. Nkhokwe ikauma, mwambo umayamba kusankha woti adye, ndipo wopanda mphamvu yokasaka ndiye amakhala kumapeto.

Mzati wachiwiri udazulidwa ndi ulendo. Msonkho unkafuna ndalama, ndalama zinali ku Salisbury, ku Bulawayo, m'mapulazi a fodya a ku Rhodesia ndi m'migodi ya ku Joni. Ena ankabwera ndi njinga, wailesi ndi jekete. Ena adasanduka matchona. Wenela adanyamula Amalawi zikwizikwi mpaka pa 4 Epulo 1974 pomwe ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuimitsa kaye ulendowo. Udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Mpaka lero kuli madala amene akusungabe mapepala a kumgodi m'chikwama, kudikira ndalama zawo. Za matchona a ku Zimbabwe ndiye n'zomvetsa chisoni mwapadera: m'nyumba zosungirako okalamba za kumeneko, ambiri mwa ogonamo akhala ali amuna ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anthu opanda mudzi woti akafereko. Mtchona mmodzi amasiya nkhalamba ziwiri zosowa wozisamala, iye kumeneko ndi mayi ake kuno.

Koma nkhwangwa yaikulu idagwa pakati pa 1985 ndi 2004. Mu 1985 ndi pomwe m'dziko muno mudapezeka koyamba munthu wodwala Edzi, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Mulanje inali m'gulu la maboma amene matendawa adakantha koposa. Tsono werengani nokha. Mayi wobadwa 1935 adabereka ana ake kuyambira cha m'ma 1953 mpaka m'zaka za m'ma 1970. Pofika 1995 anawo anali pakati pa zaka 20 ndi 42, msinkhu weniweni umene matendawa ankatola. Ana aakazi aja amene adagawiridwa munda kuti adzamusunge ndiwo adabwera kudzadwalira m'nyumba mwake. Iye ndiye ankawatembenuza, kuwachapira, kuwaphikira phala, kenaka kuwaperekeza kumanda. Mbuzi zidapita pa thiransipoti ya kuchipatala ndi kwa asing'anga, nkhuku pa maliro, nthawi zina ndime ya munda n'kubwereketsedwa kuti bokosi lipezeke.

Atatha maliro adatsala ndi zidzukulu. Kuka, komwe kale kunali kogona atsikana chifukwa cha mwambo, kudasanduka nyumba ya ana amasiye. Pa zaka 60, 65, 70, pomwe amayenera kukhala pakhonde akusenda chinangwa, anali pa ganyu kuti apeze ndalama ya yunifolomu ndi makope. Mabungwe ambiri adabwera nthawi imeneyo ndi mapulogalamu a ana amasiye, ndipo adachita bwino. Koma amene ankalembedwa m'kaundula anali mwana. Agogo ankaoneka ngati njira yofikira kwa mwanayo basi. Palibe amene ankafunsa kuti mayiyu, amene waika ana ake anayi m'manda, pa zaka 90 adzatungiridwa madzi ndi yani.

Lero funsolo lafika. Zidzukulu zija zakula, ndipo pamudzi palibe choti zigwire. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje, boma limene mbali yake yaikulu ndi phiri ndi tiyi. Munda wa anganga udadulidwa kwa ana, n'kudulidwanso kwa zidzukulu, mpaka ndime zina ukhoza kuzilima usanamve njala. Pakati pa 2004 ndi 2011 pulojekiti ya Kudzigulira Malo idathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza minda, ena mwa iwo ochokera ku Mulanje ndi Thyolo kupita ku Machinga ndi Mangochi. Inali nzeru yabwino kwa banja lamphamvu zake. Nanga nkhalamba ingakayambe kuswa mphanje kuchilendo, kusiya manda a ana ake? Ena apita ku Bangwe, ku Ndirande, ku Joni. Abwino mwa iwo amatumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma ndalama ya pafoni siitunga madzi, ndiponso foniyo nthawi zambiri ili m'manja mwa wina, amene amadziwa yekha kuti zidabwera zingati.

Tikambeko za thupi lenilenilo, chifukwa ife olemba timakonda kutamanda imvi osafuna kununkhiza mphasa. Munthu wa zaka 90 zosowa zake n'zazing'ono koma n'za tsiku ndi tsiku. Mjigo ungakhale pafupi, koma kupopa ndi kusenza ndowa sangathe. Nkhuni ku Mulanje n'zovuta, nkhalango ya m'phiri ndi yotetezedwa komanso yatha, ndipo chakudya chimene adakulira, monga kalongonda amene amafuna kuwiritsa nthawi yaitali kuti poizoni achoke, kapena nandolo wouma, chimadya nkhuni zambiri. Mano adatha, makaka ndi chimanga chokazinga zidakhala mbiri. Chimbudzi chathu chokumba chimafuna mawondo onjuta, ndipo kwa munthu wa nyamakazi ulendo wa kuseri usiku ndi pomwe amagwa, chiuno n'kuthyoka, osadzukanso. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, bulangete limodzi limatha kusiyanitsa chifuwa wamba ndi chibayo. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, koma ambiri amangoti ndi ukalamba n'kukhala mumdima zaka khumi. BP ndi shuga zimafuna mankhwala mwezi ndi mwezi, kutanthauza kabaza mwezi ndi mwezi kupita ku chipatala chaching'ono, ku Boma kapena ku Mishoni, ndi munthu wachiwiri womugwirira pa njingapo. Ndipo pali njala ina imene sitiitchula: tsiku lonse kudutsa popanda womulankhula. Kwa anganga ena n'zoposa pamenepo, chifukwa chilankhulo chimene amalotera, Chilomwe, zidzukulu sizichimva. Chiyambire mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala 2008, kamodzi pachaka timawafuna kuti atiimbire ndi kutivinira tchopa. Masiku ena 364 kaya.

Ndiye pali matenda oiwala. Ubongo ukayamba kufooka ndi ukalamba, munthu amaiwala maina a ana ake, amayankhula ndi anthu amene adamwalira kalekale, amadzuka usiku kufuna kupita kwawo, n'kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni kapena kumanda, mwina ali chibadwire. Mukamufunsa mwaukali kuti ndinu amene mudapha mwana uja, amatha kuvomera, chifukwa sakumva n'komwe chimene chikufunsidwa. Dokotala amati dementia. Mudzi umati ndege yagwa. Onjezerani kuti mayiyu adaika ana ake onse iye n'kutsala, onjezeraninso kuti akadagwirabe kandime kamene achibale akukayang'ana ndi diso, mwapeza mfiti yokonzeka kale. Mu Januwale 2016 ku Neno, m'dera la T/A Dambe, nkhalamba zinayi zidaphedwa tsiku limodzi mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la ufiti la 1911, limene likadalipobe, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Komabe cha m'ma 2010 George Thindwa ndi anzake adapeza nkhalamba zambiri, makamaka amayi, zili m'ndende chifukwa cha ufiti womwewo, owanamizirawo ali pakhomo phee. Bungwe la MANEPO chaka ndi chaka limalengeza za okalamba ophedwa motere. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nyumba zimene zikutenthedwa ndi zawo.

Nanga boma? Kwa zaka zambiri, la atsamunda ndi lathu lomwe, lidatsamira pa chiganizo chimodzi chotchipa: Mwafrika akakalamba amabwerera kumudzi, abale amusunga. Penshoni inali ya ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani ochepa. Mtukula Pakhomo adayamba ku Mchinji mu 2006 n'kufika m'maboma onse 28 pofika 2018, ndipo kunena zoona makomo ambiri amene amalandira ndi a nkhalamba. Koma amasankha pafupifupi makomo 10 pa 100 aliwonse, osaukitsitsa ndi opanda wogwira ntchito. Kumudzi komwe osauka ndi theka la anthu, nkhalamba ziwiri zoyandikana nyumba, zofanana zaka ndi umphawi, imodzi imalowa ina n'kutsala, kaduka n'kuyambira pomwepo. Ndiponso ndalamayo ndi ya khomo lonse, imathera pa sopo ndi makope a zidzukulutudzi. Mu 2016 tidakhala ndi ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu achikulire. Mapepala alipo tsopano. Anzathu adasankha njira yachidule: Lesotho kuyambira 2004, Zanzibar kuyambira 2016 ndi Kenya kuyambira 2018 amapereka ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa munthu amene wakwana zaka 70, osafunsa kuti denga lake ndi la udzu kapena la malata. Lesotho si dziko lolemera. Kuno anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 5 pa 100 aliwonse, a zaka 80 ndiye ochepetsetsa. Ine ndimaona kuti chotilepheretsa si kuchuluka kwawo. Nkhalamba sizichita zionetsero, ndipo pamzere wa voti ambiri safikapo.

Phiri nalo lili ndi mbali yake. Mu Malichi 1991, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, Napolo adatsika ku Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza, mokulirapo: m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 600,000 n'kusowa pokhala, ndipo madera ngati Muloza ndi Nkhulambe adali pakati penipeni pa ngoziyo. Madzi ndi miyala zikamatsika usiku, chenjezo loti thawirani kumtunda limagwira ntchito kwa amene ali ndi miyendo. Mayi wachitsikana ali ndi msana umodzi, ndipo pamsanapo pali kale mwana. Amene adapulumuka adakafika m'misasa ya m'masukulu, komwe ufa umalandiridwa pamzere, chimbudzi chili kuseri kwa bwalo la mpira, pogona ndi pa simenti. Madzi ataphwa, minda ina idapezeka itakwiririka ndi mchenga ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Kwa mnyamata kumeneko n'kutaya zokolola za chaka, mwina n'kusamukira kwina. Kwa anganga a 1935 ndime ija inali chinthu chomaliza chimene chinkachititsa mdzukulu kudutsa pakhomo m'mawa kudzafunsa kuti mwadzuka bwanji.